Alembi Akuda a Nthano za Mawa: Za Edward Nkoloso, Namwali Serpell ndi Anzao

Pa 23 September caka ca 2020 oweruza a ku London analengeza kuti mphotho ya Arthur C. Clarke yapita kwa Mai Namwali Serpell cifukwa ca buku lao lochedwa The Old Drift. Mai amenewa anabadwira mu Lusaka muno m'caka ca 1980, ndipo mbali yaikuru ya nkhani ya m'bukulo icitikira m'miseu ndi m'makomboni a mzinda uno. Mbiri yace siinagwedeze tauni monga inagwedezekera mu February 2012, pamene anyamata a Chipolopolo anabwera ndi cikho kucokera ku Libreville, anthu nadzaza mseu wa ku bwalo la ndege. Palibe codabwitsa pamenepo, pakuti mpira uonedwa ndi khamu lonse pamodzi, pamene buku liwerengedwa ndi munthu mmodzi ali phee m'nyumba. Komabe cimene cinacitika tsiku lija ciyenera kufotokozedwa, cifukwa mizu yace iri m'mbiri ya mzinda uno, ndiponso cifukwa cionetsa njira imene mlembi wakuda ayendamo kufikira anthu amuone, ndi kuti omuonawo kawiri-kawiri ndi anthu a kutali.

Poyamba mpofunika kudziwa mtundu wa mabuku amene mphotho imeneyi iperekedwera. Pali nkhani zopeka zimene zinena za moyo monga uliri: mnyamata acoka ku mudzi, alembedwa nchito ku Migodi, akwatira, nasauka ndi ngongole. Koma pali zina zimene mlembi aziyamba ndi funso lakuti, nanga zinthu zikadakhala mwina? Nanga munthu atafika ku mwezi? Nanga makina atayamba kuganiza, nakana kutsikira pansi mu mgodi? Nanga akufa atamabwera kudzafunsa za cuma cao? Nkhani zimene zitsamira pa sayansi ndi makina Angelezi azicha science fiction, zimene zitsamira pa matsenga ndi mizimu azicha fantasy, ndipo zonse pamodzi azicha speculative fiction. Cinyanja ciri nalo kale dzina lokwanira mbali yaikuru ya zimenezi, ndilo nthano. Pakuti mwana ali yense amene anakulira pa moto wa agogo ace anamva za nyama zolankhula, za mbalame yoyimba mlandu wa munthu wakupha mbale wace, ndi za ng'oma yomeza ana.

Mwini dzina la mphotho, Bambo Arthur C. Clarke, anali Mngelezi wolemba nthano zotere, ndipo omvera wailesi ali naye mangawa ngakhale sadziwa. M'caka ca 1945 iye analemba m'magazini ya Wireless World kuti makina atatu oikidwa m'mlengalenga, pa mtunda wa mamailosi ngati 22,000 pamwamba pa dziko, angathe kulandira mau a wailesi ndi kuwagawira ku maiko onse. Nthawi imeneyo palibe cinthu copangidwa ndi munthu cimene cinali citazungulirapo dziko. Koma mu 1974 mbale yaikuru yolandirira mau a makina otere inatsegulidwa ku Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka. Mphotho yochedwa dzina lace inayamba mu 1987, ndipo iperekedwa kwa buku lopambana la science fiction losindikizidwa ku Britain m'caka capitaco. Ndarama zace nzocepa: mu 2020 zinali mapaundi 2,020, molingana ndi nambala ya caka. Colemera ndi dzinalo.

Tsono Lusaka nayenso anali ndi munthu wace woloza ku mwezi, ndipo zimene dziko linamcitira zinasiyana kutali ndi zimene linacitira Clarke.

Bambo Edward Mukuka Nkoloso anabadwa mu 1919 kumpoto kwa dziko lino. Anamenya nao nkhondo yaciwiri ya dziko lonse m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, nakhala sajeni wa mbali ya mauthenga. Atabwerako anagwira nchito yomasulira mau ndi yauphunzitsi, nalowa m'ndale zomenyera ufulu, ndipo Boma la Azungu linawatsekera m'ndende m'zaka za 1956 ndi 1957. Mu 1960 anayambitsa bungwe limene analicha Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Pa famu yosiyidwa, mamailosi ngati 7 kunja kwa Lusaka, anasonkhanitsa acinyamata nayamba kuwakonzekeretsa ulendo wa ku mwezi ndi ku Mars. Anali kuwalowetsa m'diramu la mafuta ndi kuligubuduza pa citunda, kuti azolowere kuzunguzika kwa m'roketi. Anali kuwakweza pa katungwe, kuti alaweko kupepuka kwa thupi kumene munthu akumva m'mlengalenga. Anawacha Afronauts. Roketi yao inali D-Kalu 1, ndipo woyamba kukwera anayenera kukhala msungwana, Matha Mwamba, pamodzi ndi amphaka awiri ndi mmishoni mmodzi. Mmishoniyo analangizidwa kuti asakakamize eni dziko la Mars kulowa Cikristu ngati iwo safuna. Kwa bungwe la UNESCO a Nkoloso anapempha mapaundi 7,000,000.

Zimenezi zinamveka kunja m'mwezi wa October 1964, pamene atolankhani a maiko ambiri anadza kudzaona mbendera ya Britain iri kutsika. Magazini ya Time inalembapo, a wailesi ya kanema ya ku Britain anajambula diramu liri kugubuduka, ndipo Bambo Arthur Hoppe wa nyuzipepala ya San Francisco Chronicle analemba nkhani zotsatana. Dziko linaseka. Ndarama sizinabwere, ophunzira anabalalika, Matha anabwerera kwa makolo ace. A Nkoloso anapitiriza moyo wao: Pulezidenti Kaunda anawaika pa nchito ku Liberation Centre mu Lusaka, kumene kunali maofesi a magulu omenyera ufulu wa maiko a kumwera, analandira digiri ya malamulo ku Yunivesite ya Zambia mu 1983, namwalira pa 4 March 1989.

Kodi munthu ameneyu anali wozungulira mutu? Atolankhani a 1964 ambiri anayankha msanga kuti inde. Koma munthu woganiza bwino ayenera kuima pa mau aja onena za mmishoni. Munthu amene anaphunzira kwa amishoni, namangidwa ndi Boma la Azungu, akanena kuti atumiza mmishoni kwa eni dziko a ku Mars, koma asawakakamize, kodi sali kubweza nthabwala kwa amene anadza kuno ndi Buku m'dzanja? Funso limeneli analiutsa ndi Mai Serpell m'nkhani yao ya m'magazini ya The New Yorker mu 2017, atafufuza m'makalata akale ndi kuceza ndi anthu amene anawadziwa a Nkoloso. Iwo sanagamule mlandu. Anasonyeza kuti mwina bamboyo anali kunena zoona, mwina anali kuseka, mwina zonse ziwiri pamodzi, ndipo kuti cocititsa cidwi nciti, ndico cakuti alendo aja sanaganize konse kuti munthu wakuda angathe kukhala mwini nthabwala. Kwa iwo Mzungu wolota za mwezi anali mneneri. Munthu wakuda wolota zomwezo anali coseketsa. Apa mpamene pagona nkhani yonse ya alembi akuda a nthano za mawa.

Alonda a pa cipata

Buku silifika kwa owerenga lokha. Pakati pa mlembi ndi wowerenga paima anthu angapo: mkonzi wa magazini amene asankha nkhani yoti isindikizidwe, mwini kampani ya mabuku amene aikapo ndarama zace, wolemba m'nyuzipepala amene atama buku kapena kulinyoza, ndi oweruza a mphotho. Onsewa ali monga alonda a pa cipata ca mgodi: wopanda ciphaso cao salowa, ngakhale adziwe nchito cotani. Kwa zaka zambiri alonda a nthano za sayansi anali Azungu okha-okha a ku New York ndi ku London, ndipo anali ndi cikhulupiriro cakuti owerenga afuna kuona m'tsogolo muli anthu ofanana ndi iwo eni.

Citsanzo codziwika ndi ca Bambo Samuel R. Delany, munthu wakuda wa ku New York. Mu 1967, atalandira kale mphotho ya Nebula cifukwa ca buku lace Babel-17, anatumiza buku latsopano lochedwa Nova kwa Bwana John W. Campbell, mkonzi wa magazini ya Analog, amene mau ace anali lamulo m'nthano za sayansi masiku amenewo. Bwanayo analikana, ndipo cifukwa cace, monga Delany anafotokozera pambuyo pace, cinali cakuti owerenga ace sangathe kugwirizana ndi nkhani imene mwini wace wamkuru ndi munthu wakuda. Bukulo linasindikizidwa kwina mu 1968 ndipo liwerengedwa kufikira lero. Mai Octavia Butler, wakudanso, analandira mphotho ya Hugo mu 1984 ndi mu 1985 cifukwa ca nkhani zazifupi. Koma kwa nthawi yaitali maina awiriwa ndiwo anali kuchulidwa nthawi zonse munthu akafunsa za alembi akuda, monga ngati awiri akwanira mtundu wonse.

Manambala anena mosabisa. Mphotho ya Hugo inayamba mu 1953, koma munthu wakuda woyamba kuilandira pa buku lathunthu anali Mai N. K. Jemisin mu 2016, patapita zaka 63. Ndipo anailandiranso mu 2017 ndi mu 2018, cinthu cimene mlembi wina ali yense anali asanacite. M'caka comweco ca 2016 magazini ya Fireside Fiction inawerenga nkhani zazifupi zonse zimene magazini 63 a mtundu umenewu anasindikiza mu 2015. Zinakwana 2,039. Zolembedwa ndi anthu akuda zinali 38. Ngakhale mphotho yeni-yeniyo nthawi zina inali ndi minga. Mu 2011 Mai Nnedi Okorafor, mwana wa makolo a ku Nigeria, analandira World Fantasy Award cifukwa ca buku lao Who Fears Death. Cimene anawapatsa kuti aike m'nyumba mwao cinali cifanizo ca mutu wa H. P. Lovecraft, mlembi amene analemba zonyoza anthu akuda moipitsitsa. Maiyo ananena poyera za kuwawa kwa cinthu cotere, ena anaonjezapo mau ao, ndipo mu 2015 cifanizoco cinalekedwa. Tsopano opambana alandira cifanizo ca mtengo ndi mwezi.

Kuno ku Afrika cipata cinali ndi maloko awiri. Loyamba ndilo lomwe lija la khungu. Laciwiri linali lakuti alonda anali atagamula kale cimene Mwafrika ayenera kulemba: za mudzi, za njala, za nkhondo, za kulimbana kwa miyambo ya makolo ndi sukulu. Akalemba zodabwitsa anali kuzicha nthano za makolo, zoyenera ophunzira za mitundu ya anthu, osati nchito ya mlembi woganiza yekha. Mu 1952 kampani ya Faber and Faber ku London inasindikiza The Palm-Wine Drinkard, buku la Bambo Amos Tutuola, mesenjala wa mu ofesi ya Boma ku Lagos, lonena za munthu amene apita ku mudzi wa akufa kukafuna wanchito wace womgwetsera ucema. Wolemba ndakatulo Dylan Thomas analitama, Azungu analikonda. Koma ophunzira ambiri a ku Nigeria anacita nalo manyazi cifukwa ca Cingelezi cace cosapsya. Ndipo taonani cina: zaka 14 Tutuola asanamveke, Bambo D. O. Fagunwa anali atasindikiza kale, mu 1938, buku la mlenje wolowa m'nkhalango ya mizimu. Koma popeza linali m'Ciyoruba, a kunja analidziwa mu 1968, pamene Wole Soyinka analimasulira. Mfundo imeneyi ya cinenero ibweranso kutsogoloku, pakuti ikhudza Cinyanja.

Buku la udzudzu

Mai Serpell ndi mwana wa Profesa Robert Serpell, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Yunivesite ya Zambia nakhalanso mkuru wace, ndi wa Mai Namposya Serpell, katswiri wa za cuma. Anapita ku Baltimore ku Amereka ali ndi zaka ngati 9, naphunzira ku Yale ndi ku Harvard, ndipo pambuyo pace anakhala profesa wa mabuku. The Old Drift linaturuka mu 2019, patapita zaka pafupi-fupi 20 ciyambire kulilemba, ndipo liri ndi masamba oposa 500. Dzina lace licokera ku dooko lakale la pa Zambezi, kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, kumene Azungu oyamba anamanga timisasa tao asanamange Livingstone, ndipo ambiri anafa ndi malungo.

Nkhani iyamba pamenepo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, nitsata mabanja atatu mibadwo itatu. Pali agogo atatu. Sibilla, wa ku Italy, thupi lace lonse limera tsitsi losaleka kukula, ndipo afika kuno m'masiku omanga khoma la Kariba, limene kampani ya Ataliyana inamanga m'zaka za 1955 kufikira 1959, anthu a Citonga ngati 57,000 nasamutsidwa kuti ku Migodi kukhale magetsi. Agnes, Mngelezi wosewera tenesi amene acita khungu, akwatiwa ndi mnyamata wa dziko lino. Wacitatu ndiye Matha Mwamba yemwe uja wa pa katungwe wa a Nkoloso. Mlembi anamtenga msungwana amene manyuzipepala anamchula m'mizere iwiri yoseketsa, nampatsa ubwana, nzeru yoposa ya anyamata anzace, cikondi, ndi cisoni cacikuru cotero kuti misozi yace siileka kutsika zaka makumi-makumi. A Nkoloso nao alimo, osati ngati citsiru, koma ngati mphunzitsi ndi womenyera ufulu wocenjera.

Pofika kwa adzukulu nkhani yalumpha caka cimene bukulo linasindikizidwa, nilowa m'zaka zimene pa nthawiyo zinali zisanafike. Anthu a mu Lusaka ali ndi kamkanda kobzalidwa m'dzanja kamene kagwira nchito ya lamya ndi intaneti, ndipo Boma litha kuwalondola nako. Mnyamata wina afuna-funa katemera wa kacirombo ka Edzi. Jacob, mdzukulu wa Matha, wokulira ku Kalingalinga pakati pa zitsulo ndi mawaya otayidwa, apanga tindege tating'ono-ting'ono tonga udzudzu touluka m'gulu. Ndipo pakati pa mitu ya buku pamveka liu la udzudzu weni-weni, kapena wa makina, umene ufotokoza nkhani yonse mwacipongwe, monga mkamwini wodziwa zinsinsi za pa mudzi. Oweruza a mphotho ya Clarke anaona kuti ili ndi buku la sayansi ngakhale theka lace ndi mbiri yakale. Anaweruza bwino, pakuti kwa munthu wa dziko lino damu, mgodi, jekeseni ndi lamya ya m'manja zonse zinadza monga zinthu za m'nthano, zopangidwa kwina, ndipo funso lakuti adzapindula nazo ndani linali lomwelo nthawi zonse.

Serpell sanali yekha m'zaka zimenezo. Mphotho ya Clarke inapita kwa Colson Whitehead wa ku Amereka mu 2017, ndi kwa Tade Thompson, dokotala wa mtundu wa Ayoruba, mu 2019. Ndiko kuti alembi akuda atatu m'zaka zinai. Kungakhale kulakwa kuyesa kuti alonda anangodzuka tsiku lina ali ndi mtima wofewa. Alembi ndi owerenga anagogoda zaka zambiri, anawerenga manambala, anacititsa manyazi akonzi poyera. Ndipo intaneti inacotsa bvuto lakale la positi, pamene munthu wa ku Kitwe kapena ku Zomba anayenera kulipira masitampa a ku New York ndi kudikira yankho miyezi.

Cimene Mai Serpell anacita ndi mphotho zao ciyenera kuchulidwa, cifukwa cionetsa kuti iwo eni sakhulupirira cipata kweni-kweni. Mu 2015 anakhala munthu woyamba wa ku Zambia kulandira Caine Prize, mphotho ya nkhani zazifupi za Aafrika, cifukwa ca nkhani yochedwa The Sack. Ndarama zinali mapaundi 10,000, ndipo iwo anazigawana ndi anzao anai amene anapikisana nao, nanena kuti kulemba si mpikisano wa liwiro. Mu 2020, tsiku lomwe analandira mphotho ya Clarke, ku Louisville ku Amereka kunamveka kuti palibe wapolisi amene adzazengedwa mlandu wa imfa ya Breonna Taylor, mai wakuda amene anaomberedwa m'nyumba mwace. Serpell anapereka ndarama za mphothoyo kuti zikaombole anthu omangidwa pocita zionetsero. M'caka comweco analandiranso mphotho ya Windham-Campbell ya ku Yale, ya madola 165,000.

Kuoneka kunja ndi kuoneka kwanu

Zonse zanenedwazi ndi za kuoneka ku London ndi ku New York. Pali kuoneka kwina kumene sikuchulidwa kawiri-kawiri, ndipo mwina ndiko kobvuta koposa.

Akuru-akuru a ku Kabwata, ku Matero ndi ku Migodi akumbuka Poceza m'Madzulo, nthano zimene Bambo Julius Chongo anali kusimba pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Munthu mmodzi pa maikolofoni anali kusanduka mfumu, nkhalamba, namwali, fisi ndi mfiti, ndipo mabanja anali kukhala cete mozungulira wailesi. Zambiri za nthano zace anazitenga kwa makolo nazisoka mwatsopano, zina anazipeka yekha, ndipo zodabwitsa zinalimo zosasowa. Mwa ciwerengero ca anthu amene anamumva m'dziko lino, nkobvuta kupeza mlembi wa Cingelezi wofanana naye. Dziko lace silinamuiwale konse: pa mphotho za Ngoma panaikidwa ina yochedwa dzina lace, imene Bambo Malama Katulwende analandira mu 2006. Koma kunja adziwika kwa ophunzira owerengeka okha, makamaka cifukwa ca Dr. Ernst Wendland, amene anaphunzitsa pa seminale ya Lutheran ku Chelstone, nalemba nthanozo kucokera pa matepi, nazimasulira m'Cingelezi. M'mabuku ofotokoza mbiri ya nthano zodabwitsa za dziko lapansi dzina la Chongo silikhala pamodzi ndi la Tutuola. Cifukwa cace sikucepa kwa luso. Ndico cakuti analankhula Cinyanja, ndipo analankhula ndi pakamwa.

Bvuto la The Old Drift ndi lomwelo litatembenuzika. Chongo anamveka kwao, osaoneka kunja. Buku ili lioneka kunja, koma kwao lifika mobvutika. Linasindikizidwa ku London ndi ku New York, ndipo pofika m'masitoro a mabuku a ku mayadi mtengo wace wasenza ndarama zakunja ndi ulendo wonse. Wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands angathe kuligula. Kalaliki wa ku Kabwata aliyerekeza ndi thumba la ufa, nasankha ufa, ndipo palibe amene angamdzudzule. Pa makonde a masitoro a mu Cairo Road, pamene anyamata ayala mabuku pansi, ocuruka ndi a sukulu, a mapemphero ndi a malangizo a kulemera. Ici ciri ndi mbiri yace. Kuyambira pa Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau, imene inakhazikitsidwa mu 1948, kufikira pa makampani a Boma a pambuyo pa ufulu, kusindikiza m'dziko lino kwatsamira pa sukulu. Buku losalowa m'kalasi lisowa wolilipirira. Ndipo nthano ya roketi kapena ya udzudzu wa makina siiri pa mndandanda wa mayeso.

Cifukwa ca ici ena analeka kudikira pa cipata ca eni, namanga cao. Mu 2014 Mazi Nwonwu ndi Chinelo Onwualu anayambitsa ku Nigeria magazini ya pa intaneti yochedwa Omenana, yosindikiza nthano zodabwitsa za Aafrika, yowerengedwa kwaulere. Mu 2016 panabadwa African Speculative Fiction Society, ndipo mphotho zace za Nommo, zochedwa dzina la mizimu ya m'madzi ya Adogon a ku Mali, zinaperekedwa koyamba mu 2017 ku Abeokuta. Osankha ndi alembi, akonzi ndi ojambula a Ciafrika eni ace. The Old Drift linalowa m'gulu lotsiriza la mphotho imeneyi mu 2020, koma linapambanidwa ndi David Mogo, Godhunter, buku la Suyi Davies Okungbowa wa ku Nigeria. Kugonja kotere nkokondweretsa, pakuti kusonyeza kuti alembi acuruka kotero kuti buku lopambana ku London lingathe kupeza mnzace wolimba kwao. Ku Malawi Bambo Shadreck Chikoti, amene alemba m'Cicewa ndi m'Cingelezi, analandira mphotho ya Peer Gynt mu 2013 cifukwa ca Azotus the Kingdom, nthano ya Afrika wa zaka 500 zirinkudza. Ndipo ku Lilongwe komweko anasonkhanitsa alembi acinyamata, nasindikiza Imagine Africa 500, m'mene muli nkhani za alembi a ku Malawi, Uganda, Nigeria ndi maiko ena.

Ana a mu Lusaka ambiri anauona mzinda wao wa m'tsogolo koyamba pa kanema. Mai Malenga Mulendema, wa mu Lusaka, anali mmodzi wa anthu 8 amene kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town inasankha mu 2015 kuti akuze nkhani zao. Anafuna kuti asungwana akuda aone ngwazi zofanana nao, zimene iye ali mwana sanazione m'makatuni. Panapita zaka 8. Ndipo mu July 2023 Netflix inaturutsa Supa Team 4, nkhani ya asungwana anai a sukulu amene mai wacikulire, Mama K, awasandutsa oteteza mzinda wa Lusaka wa mawa. Olemba ace onse anali akazi a mu Afrika, ndipo nyimbo yotsegulira anayimba ndi Sampa the Great. Koma nayonso ifuna intaneti ndi ndarama za mwezi ndi mwezi, ndiponso magetsi, amene m'caka ca cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, anali kuzima nthawi yaikuru ya tsiku.

Kumapeto kwa The Old Drift khoma la Kariba ligumuka, madzi namiza zigwa. Lusaka apulumuka cifukwa ali pa mtunda, nasanduka dziko pa yekha. Ndipo likuru la dziko latsopanolo siliri ku Ridgeway kapena ku Kabulonga, koma ku Kalingalinga, kwao kwa mdzukulu wa Matha. Bukulo lamasuliridwa m'Citaliyana ndi m'Cifalansa, kotero kuti munthu wa ku Rome ndi wa ku Paris awerenga za ulemerero umenewu m'cinenero ca amai ace. Wa ku Kalingalinga, amene agulitsa zitseko ndi mafelemu a mazenera m'mbali mwa Alick Nkhata Road, ayenera kuyamba wapeza bukulo, ndipo akalipeza aliwerenge m'Cingelezi.